Matalala pa Denga la Mkamwini

Matalala aja anagwa masana, dzuwa likuwala mbali ina, ine ndili pakhonde kusenda chinangwa. Unali mwezi wa Disembala, sukulu titatsekera, ndipo ndinali nditakwera phiri kuchoka ku Mangochi, kumene ndinkaphunzitsa, kukacheza kwa bambo anga, kumudzi wina kufupi ndi Namwera. Kunayamba ndi kamphepo kozizira kosayenera nyengo imeneyo. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Kenako china chake chinamenya denga kuti pho! ngati mwana wagenda mwala, ndipo ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinadzuka kuti ndikamuthire mawu mwana wopanda mwamboyo. Sindinafike n'komwe pakona ya nyumba.

Munthu akamati matalala aakulu ngati mazira a nkhuku, anthu amati akukokomeza. Ine ndinawaona ndi maso angawa. Bambo anandikokera m'nyumba, tinakaima pakhomo la kuchipinda, iwo atafumbata wailesi yawo pachifuwa ngati khanda. Ndinkawaona akutsegula pakamwa koma mawu osamveka, chifukwa denga lonse linali likulira. Sizinatenge nthawi, madzi a tiyi sakanawira n'komwe. Zitaleka kunangoti zii, ndipo nditayang'ana kumwamba ndinaona thambo kudzera m'denga lathu, apa, apo, ndi uko. Pansi panali madzi ndi tizidutswa ta dzimbiri.

Kunja kunali mbuu. Fodya wa anthu m'minda anasanduka nsanza, chimanga chinang'ambika ngati chadyedwa ndi mbuzi, ndipo amayi ena kutsidya kwa msewu anali kulira ngati pagwa maliro. Tili chiimire pabwalo, kunatulukira amjomba, mchimwene wa malemu mayi anga ondipeza, amene ndiwo mwinimbumba pamudzipo. Anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, mkanjo wawo utanyowa m'munsi. Anatipatsa moni waulemu, koma maso awo sanali pa ife. Anazungulira nyumba yonse akuyang'ana kumwamba, n'kudzaima pamaso pa bambo.

“Pepani alamu,” anatero. “Nyumba ya mlongo wanga yavulala zedi.”

Bambo anavomera ndi mutu. Ine panthawiyo sindinamvepo kanthu kachilendo m'mawu amenewo.

Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu. Mayi anga ondibala anamwalira ndili wamng'ono, ndipo boma litawatumiza bambo kukaphunzitsa ku Namwera, ananditenga. Kumeneko anakwatira mayi wa pamudzipo, Msilamu, amene anali kale ndi mwana wamwamuna wa ku banja lawo loyamba. Bambo anapitiriza kupita ku tchalitchi, mayi ku mzikiti, ndipo sindinawamvepo akukangana za zimenezo. Analowa chikamwini monga mwa mwambo, anapatsidwa malo pakati pa abale a mkazi, namanga nyumba. Malata anagula pang'onopang'ono ndi malipiro a uphunzitsi, mwezi uno awiri, mwezi wina atatu, n'kumawasunga m'sitolo ya kusukulu mpaka atakwanira. Inali nyumba yoyamba ya malata mbali imeneyo, ndipo bambo ankainyadira mochititsa manyazi. Koma Mulungu sanawapatse mwana m'banja limenelo.

Mayi ondipezawo anamwalira chaka cham'mbuyo mwa matalala aja. Sadaka inachitika, anthu anadya, anabalalika. Chimene chinatsala chinali kusudzula, mwambo womasula mwamuna wamasiye kuti abwerere kwawo. Palibe anautchula. Theka la mudzi linadutsa m'kalasi mwa bambo, ndipo ndani akanayamba kuuza aphunzitsi ake kuti longedzani? Choncho anangokhala, akulima kadimba kawo, akumvera wailesi. Ku Ntcheu kunalibenso chawo. Abale awo onse anatha, minda anagawana adzukulu amene sankawadziwa ngakhale nkhope. Ine ndinkachita lendi chipinda chimodzi ndi balaza kwa Mponda, pamodzi ndi ana anga awiri. Bambo akanachoka m'nyumba ija, kunalibe kwina koti angakutche kwawo, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo ngakhale sitinkazinena.

M'mawa mwake tinaitana kalipentala. Anakwera, anayendayenda mosamala, natsika akupukusa mutu. Anati malatawo anali atadyeka kale ndi dzimbiri, matalala angomalizitsa ntchito. Anati pomwe panali misomali pang'ambika, ndipo mitengo ingapo ya denga yafumbwa, moti kuika zigamba n'kungotaya nthawi. Pankafunika kusasula zonse, kugula malata atsopano, misomali, waya, matabwa, kuphatikizapo malipiro ake. Atatchula mtengo wa zonsezo, bambo anaseka kaphwete kakafupi ngati munthu wauzidwa nthabwala yosakoma. Penshoni yawo inkathera pa mankhwala ndi sopo. Malipiro anga a miyezi ingapo, osadya, osalipira lendi, mwina akanafikako. Ndipo pamudzi panalibe woti n'kumudandaulira, chifukwa chuma cha aliyense chinali fodya uja anagona m'matope.

Ndinatsika ku boma kukafunsa mitengo. Ndinalowa sitolo iyi, ndinatuluka, ndinalowa ina. Mwini sitolo wina anakana ngakhale kundilembera mtengo, ati kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku, mtengo wa lero ndi wa lero, ndikabwera Lolemba ndisadzamunene wakuba. Ine ndinamuuza kuti sindidikira Lolemba, ndimunena lero lomwe. Anthu m'sitolomo anaseka, ine ndinatuluka mutu ukuwira. Ndinapsa mtima ndi munthu wosalakwa, ndikudziwa, koma pamenepo aliyense wokhala ndi denga losadontha anali mdani wanga.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza nkhani yatsogola. Amjomba anali atabwera kudzanena kuti mwana wa malemu uja, amene anali ku Joni zaka zambiri, wamva za tsokali ndipo atumiza ndalama za malata atsopano. Ati aphunzitsi asavutike, asatayepo ngakhale tambala, mbumba ikonza yokha. Ine mtima unakhala pansi, ndinati Mulungu wamva. Koma bambo anali atakana. Anakana mwaulemu, anathokoza kawiri katatu, koma anakana.

Eee, tsiku limenelo ndinayankhula. Ndinawafunsa ngati matalala anawamenyanso m'mutu. Ndinati kunyada kwa uphunzitsi kudzawaphetsa ndi chibayo, ndinati munthu akamamira sasankha dzanja lomuvuula. Iwo anandisiya ndithe mawu, akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya malaya. Kenako anandiuza ndikhale pansi.

“Mwanawe, tayang'ana nyumbayi. Malo ndi awo. Njerwa tinaumba ndi dothi lawo. Mitengo tinadula m'phiri lawo. Changa muno ndi denga lokha. Tsiku limene adzafolere ndi malata awo, ine ndidzakhala ndikugona pansi pa chiyani changa?”

Anapitiriza kundifotokozera kuti kumeneko mwamuna akamachoka pamudzi amasasula malata ake n'kunyamula, ndipo palibe amamuletsa, chifukwa aliyense amadziwa kuti denga ndi la mkamwini. Malinga ngati malata ake ali pamwamba, munthuyo akadali pamudzi. Ndiye amjomba sanafunike kutchula za kusudzula. Ankangofunika kuthandiza. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mnyamata wa ku Joni uja anali ndi mkazi ndi ana pamudzi pomwepo, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa amjomba.

Bambo anayamba nkhondo yawo ndi phula. Anagula phula kumsika, ankalisungunula m'chitini, n'kumang'amba mathalauza awo akale a kuntchito kuti apange zigamba. Munthu wa imvi mutu wonse, mawondo olira, kukwera makwerero obwereka chitini chotentha chili kumanja! Ndinawaletsa, ndinakalipa, ndinabisa makwerero, iwo anakabwereka ena. Dzuwa likawomba phula linkasungunuka n'kudonthera pa mipando, mvula ikabwera zigamba zinkamatuka. M'nyumba munadzaza mabeseni, mapoto ndi zidebe, paliponse tho, tho, tho. Anthu odutsa ankaima pamsewu n'kumawayang'ana ali padenga, osaseka. Kungoti ndwii, kenako n'kumapita.

Sukulu zitatsegulidwa ndinabwerera kwa Mponda, koma Loweruka lililonse ndinkakwera phiri lija. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Januwale wa chaka chimenecho inagwa ngati yatumidwa. Loweruka lina nditatsika galimoto ndinaona chinthu chonyezimira pabwalo la amjomba. Anali malata atsopano, abuluu, aataliatali, atasanjidwa bwinobwino pa njerwa. Malo osungira analipo ambiri kuseri, koma anawaika kutsogolo, moyang'anizana ndi khomo la bambo. Munthu ukangotsegula chitseko m'mawa, choyamba kuona chinali chimenecho. Bambo anasamutsa mpando wawo, anayamba kukhala mbali ya kudimba.

Chimene chinkandidetsa nkhawa koposa chinali ulemu. Anthu anawonjeza ulemu. Amayi amene kale ankangokuwa moni ali panjira tsopano ankagwada. Mkazi wa mnyamata wa ku Joni uja anayamba kubwera m'mamawa kudzasesa pabwalo la bambo osatumidwa. Ankabweretsa ndiwo m'kambale. Tsiku lina ndinamupeza wayanika makaka ake pakhonde lathu, tsiku lina akuuza mnzake kuti mtengo wa papaya uli pafupi kwambiri ndi zenera. Ndinamufunsa ngati papayayo akumuvutitsa kutulo. Iye anangoyang'ana pansi n'kupepesa, ndipo kupepesako kunandikwiyitsa kuposa chipongwe. Ndikanakonda atanditukwana, bwenzi ndikudziwa pomugwira. Koma mtsikanayo sanali woipa. Nayenso ana ake ankagona ponyowa.

Amjomba ankabwera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Ankakhala pampando, kumwa tiyi, kukamba za fodya ndi za mitengo ya feteleza. Ponyamuka ankayang'ana khoma la kuchipinda, lomwe linali litayamba kutupa chifukwa njerwa zake zinamangidwa ndi dothi, n'kunena kuti malata aja akungodikira, alamu akangonena liwu limodzi. Bambo ankayankha kuti mwana wawo akukonza, kumapeto kwa mwezi zonse zikhala bwino. Amjomba ankati Inshaala, n'kumapita manja kumbuyo.

Mwana wokonzayo ndinali ine, ndipo ndinalibe poyambira. Ndinali ndi firiji imene ndinkagulitsira madzi ozizira ndi mafilizesi, yomwe m'kutentha kwa ku Mangochi inkatidyetsa kuposa choko. Ndinaigulitsa. Ndinagulitsa makina osokera. Ndinapita kwa mwini sitolo ndinamutukwana uja, n'kupeza kuti ananena zoona, mtengo unali utakweranso. Ndinaona kuti malata olimba sindingawathe, ndinasankha opyapyala, oti ukawagwira amalira ngati chitini. Ngakhale amenewo ndalama zinaperewerabe pang'ono, ndinayenera kudikira malipiro a mwezi. Ndinawaimbira bambo kuti apirire sabata imodzi yokha. Iwo anati khoma lachita mng'alu woti dzanja n'kulowa, koma bedi alikokera pabalaza, ndisade nkhawa. Mawu awo anali ndi chifuwa, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva madzi akudonthera m'chidebe.

Sabata imeneyo sindinaphunzitse zomveka. Ndinkangotuluka m'kalasi kukayang'ana kum'mawa, kumapiri a ku Namwera. Kuno kunyanja dzuwa likuswa mtengo, koma kumeneko mitambo inali bii tsiku lililonse, itakhazikika pamwamba pa mapiri osasuntha. Lachinayi foni ya bambo inasiya kulowa. Ndinadziuza kuti ndi batire, popeza kotchajitsa kunali kutali. Ndinaimbira kalipentala uja, sanayankhe. Ndinaimbanso, anadula.

Malipiro analowa Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinagula malata, misomali ndi waya, ndinachita hayala kagalimoto ka katundu, tinawoloka mlatho wa Shire n'kuyamba kukwera. Dalaivala anali munthu wolongolola, ankadandaula za msewu, za mafuta, za apolisi. Ine ndinkangotembenuka kuyang'ana malata anga kumbuyo, ndikukonza m'mutu mawu amene ndikawauze amjomba. Ndinafuna tikatsitse katunduyo mwaphokoso, mudzi wonse umve.

Titakhota pa mtengo wa mango pomwe nyumba imayamba kuonekera, ndinaona buluu. Denga lonse buluu, lowala, losalala, lokongola moti munthu wodutsa akanaima kuliyamikira. Dalaivala anafunsa ngati tasochera.

Bambo anali pabwalo, pampando, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anandifotokozera mwachidule, osandiyang'ana. Lachitatu masana khoma la kuchipinda linagwa, mbali ina ya denga inatsamira m'kati, iwo ali pabalaza. Anthu anathamanga kudzawatulutsa. Amjomba anati zafika apa sangadikirenso chilolezo cha munthu, chifukwa aphunzitsi akafera m'nyumba ya mlongo wawo, malata ali pabwalo, mudzi wonse udzayenda chowerama. Ndiye Lachinayi ndi Lachisanu amuna onse anabwera, ambiri a iwo ana awo a sukulu akale. Anamanga khoma, anasintha mitengo, anafolera. Amayi anaphika. Palibe analandira malipiro, ngakhale kalipentala. Bambo anati anagwira ntchito yabwino kwambiri, sanaonepo denga lowongoka choncho.

Ndinafuna munthu womukalipira, koma ndikanayamba ndi ndani? Ndikanati mwalakwa kupulumutsa bambo anga? Ndinayang'ana uku ndi uku, anthu anali atayamba kusonkhana chapatali, amayi atakhala pansi, amuna ataima. Kumbali kwa nyumba kunali malata akale a bambo, obowokabowoka, atasanjidwa mosamala n'kumangidwa ndi luzi malo atatu.

Amjomba anabwera. Anandipatsa moni, anafunsa za ana, anafunsa za ulendo. Kenako anakhala pansi penipeni pamaso pa bambo, iwo munthu wamkulu, mwinimbumba, n'kutulutsa kajumbo kolemera m'thumba la mkanjo. Anakapereka ndi manja awiri.

“Alamu, iyi ndi misomali yanu. Anyamata aizula bwinobwino, aiwongola yonse. Sitinataye ngakhale umodzi. Munatisungira mlongo wathu mpaka tsiku lake, tilibe nanu mawu. Tisamakusungeni ngati muli ndi mlandu.”

Maso awo anali ofiira, ndipo ndikhulupirira kuti misoziyo inali yeniyeni. Zimenezo n'zimene sindinawakhululukire mpaka lero. Ine ndinadzuka, ndinayamba kunena kuti malata tabwera nawo, si awo ali pagalimotowo, asasule awo tiike athu, lero lomwe. Mawu ankatuluka okhaokha, ndinatchula zaka zimene bambo anaphunzitsa ana awo, ndinatchula firiji yanga, ndinatchula zinthu zopanda mutu. Anthu anangondisiya ngati mmene amamusiyira munthu wolira pamaliro. Bambo anandigwira dzanja, anandikokera pansi.

“Basi, mayi. Denga labwino salisasula.”

Analandira kajumbo kaja ndi manja awiri, anawomba m'manja pang'ono, anathokoza. Anathokoza amjomba, anathokoza anyamata, anathokoza amayi ophika. Ine ndinkalira ndi mkwiyo, mamina ndi misozi, pamaso pa mudzi wonse.

Dalaivala, amene sankadziwa chilichonse cha zimenezi, anali atatopa. Anamasula zingwe, anabwera akupukuta manja, n'kufunsa kuti katunduyu atsitsire pati chifukwa ali ndi ulendo wina masana. Ndinayang'ana nyumba, ndinayang'ana bwalo losesedwa bwino lija, ndinasowa poloza. Bambo anadzuka pampando pang'onopang'ono, anakonza jekete lawo, natembenukira kwa ine.

“Asatsitse, mwanawe. Uwafunse ngati pamwamba pa malatawo pangakwane matiresi ndi mpando uwu.”

Panakwana. Katundu wawo yense anakwana, malo n'kutsalako. Tinatsika phiri lija atatu kutsogolo, bambo pakati, kajumbo ka misomali kali pamiyendo pawo. Titawoloka mlatho, dalaivala anafunsa kuti tikhotere kuti, ndipo bambo anayang'ana ine.